Kusaka radiyeta ya Peugeot ya bambo

Inu amene mumayenda mumsewu wochoka ku Ulongwe kupita ku Calomué mumaidziwa galimoto imene ndikufuna kukamba lero. Ndi Peugeot 404 ya bokosi kumbuyo, imene kale inali yoyera koma tsopano imaoneka ngati phulusa, ndipo ana akaiona amaithamangira nkumakuwa kuti agogo akubwera. Ndi ya bambo anga. Kuyambira Okutobala 2022 mpaka Juni 2023 simunaione pamsewu, ndipo ena mwa inu munandiimitsa pamsika kundifunsa ngati tinaigulitsa. Sitinaigulitse ayi. Inali pamiyala kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pampando wake, chifukwa cha chipangizo chimodzi chokha chimene kuno ambiri timati radiyadoro, pamene anzathu a kutsidya kwa malire amati radiyeta. Ndipo wolakwa wamkulu pa nkhani yonseyi ndinali ine.

Ndiyambe ndi mbiri yake, pakuti popanda iyo mudzangoti banja lathu ndi la anthu okakamira zinthu zakutha. Agogo anga aamuna anaigula mu 1975, chaka cha ufulu, kwa Mpwitikizi wina wa sitolo amene ankalongedza katundu kubwerera kwawo. Inali ndi zaka zitatu zokha. Mu 1986, nkhondo itafika poipa kuno ku Angónia, ndi iyo inatulutsa mabanja atatu usiku, nyali zozimitsa, mpaka kutsidya kwa malire m'boma la Dedza. Ine ndinabadwira komweko mu 1990, mwana wa othawa nkhondo monga ambiri a msinkhu wanga. Agogo aakazi anamwalira komweko mu 1991, ndipo mfumu ya mudzi umene unatilandira inatipatsa malo m'manda a anthu ake. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinayamba tadikira kuti tione ngati nzoona, ndipo mu 1994 galimoto yomweyi inatibweza kwathu, malata pamwamba, ine ndi mbuzi pansi pake. Mwa onse amene inawatenga popita, mmodzi yekha ndiye sinabwere naye.

Chimwalirireni agogo aamuna mu 2003, yakhala ili m'manja mwa bambo. Yanyamula mbatata, kabichi, feteleza, amayi oyembekezera pakati pa usiku, ndi mabokosi a maliro osawerengeka. Koma panali ulendo umodzi umene bambo ankaulonjeza chaka ndi chaka, wokamanga chiliza pa manda a mayi awo ku Dedza. Mu 2022 mbatata inachita bwino ndipo ndalama inapezeka. Ine ndinati tichite hayala galimoto ya masiku ano kuti tisavutike panjira. Bambo anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Inawapititsa ndi iyi," anatero. "Ikawaonenso iyi."

Choncho mu Okutobala tinatsikira ku Tete kukatenga mwala umene tinalembetsapo dzina la agogo, pamodzi ndi matumba 6 a simenti ndi feteleza wa chaka chimenecho. Amene munafikako ku Tete mwezi umenewu mukudziwa kuti kutentha kwake kumapyola madigiri 40, ndipo ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Kuchokera pa Zambezi kufika kuno ndi makilomita opitirira 200, ndipo galimoto imakwera mamita opitirira 1,000. Titadutsa Moatize, pa chitunda china tisanafike pa mphambano ya Mussacama, singano yoonetsa kutentha inakagona kofiira, ndipo pansi pa boneti panatuluka nthunzi ngati pa mbiya ya mowa wa masese. Bambo anazimitsa injini nthawi yomweyo. Tinakhala maola awiri m'mbali mwa msewu kudikira kuti izizire, pakuti amene amatsegula chivindikiro madzi akuwira amasiya khungu la nkhope pamenepo. Tinafika kunyumba usiku, titaima kasanu ndi kawiri kuthira madzi opempha m'midzi.

Kwa amene simunasuzumirepo m'boneti, ndifotokoze pang'ono. Injini ikamayaka imatentha kuposa mbaula. Madzi amazungulira mkati mwake kutenga kutenthako, ndipo mpope umawakankhira ku radiyeta, imene imakhala kutsogolo kopezana ndi mphepo. Radiyeta ya 404 ili ndi thanki pamwamba ndi thanki pansi, ndipo pakati pa mathanki awiriwa pali timapaipi tambirimbiri topyapyala, tolumikizidwa ndi timapepala ta mkuwa, zooneka ngati chisa cha njuchi. Madzi otentha amalowera pamwamba, amatsika m'timapaipi muja mphepo ikuwaziziritsa, nkubwerera ku injini kudzera pansi. Timapaipi tikatsekeka, madzi amasowa podutsa ndipo amawira. Kuno kumapiri vuto limakula pang'ono, chifukwa madzi amene kunyanja ku Beira amawira pa madigiri 100, kuno amayamba kuwira pa 96.

Yathu inatsekeka chifukwa cha ife tomwe. Zaka zonsezi inkamwa madzi a pachitsime ndi a mumtsinje, ndipo madzi otere amasiya chikokoto choyera chonga chimene mumaona m'ketulo. Ikayamba kudontha tinkachita zimene oyendetsa onse a kuno amachita: kuswera dzira laliwisi m'thanki, kuthiramo fodya wopera, kumata sopo kunja kwake. Nzoona, pobooka pamatsekeka ndipo mumafika kumene mukupita. Koma dzira silidziwa kusiyanitsa pobooka ndi kapaipi kabwino. Limatseka zonse. Mmawa mwake nditayendetsa dzanja pa chisa chija injini itatentha, m'mbali munali motentha koma pakati ponse panali pozizira ngati mwala, kusonyeza kuti madzi anasiya kale kudutsapo.

Apa ndi pamene ndinalowererapo ndi nzeru zanga za kusukulu. Bambo ankafuna kufunsa kaye kwa oyendetsa anzawo akale. Ine ndinati nthawi ikutha, mvula ili pafupi, ndipo ndinamasula radiyeta nkupita nayo kwa mnyamata wina wokonza galimoto. Sindimuimba mlandu, anachita zimene amadziwa. Anaiyang'ana kamodzi nkunena kuti yafa, ndipo anandigulitsa yatsopano ya aluminiyamu ya mathanki a pulasitiki, yopangidwira galimoto ina ya ku Japan. Inali yonyezimira, yopepuka moti mwana angainyamule ndi dzanja limodzi, ndipo inandidyera ndalama ya matumba 5 a mbatata. Yakale ija ndinaisiya pa mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja yake, osatembenuka nkomwe.

Kuti ilowe m'galimoto inali nkhondo. Mabowo a mabawuti sanakumane, ndipo tinaimanga ndi timazitsulo towotcherera ndi waya. Khosi lake la pansi linali mbali ina, ndipo tinalumikiza mapaipi awiri a labala ndi chidutswa cha paipi ya madzi a m'nyumba. Inayenda masabata atatu. Tsiku lina mu Novembala, pa mabampu a msewu wa ku Dómuè, waya anamasuka, radiyeta inapendekera kumbuyo, fani nkuisenga ngati mpeni pa dzungu, ndipo khosi la pulasitiki linathyoka. Mwayi wake bambo ali ndi khutu. Anazimitsa injini madzi asanathe onse. Akanapitirira kilomita imodzi, mutu wa injini, umene pa 404 ndi wa aluminiyamu ndipo suchedwa kupindika ukatentha kwambiri, ukanapita, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Inabwera kunyumba ikukokedwa ndi ng'ombe za amalume. Bambo sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Woyendetsa shapa wina ndiye anandiuza za mkulu wina wa ku Moatize, amene ali mnyamata anaphunzira ntchito ya mkuwa m'ofisina ya njanji, ndipo mpaka lero amakonza maradiyeta pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake. Ndinakwera shapa ndi radiyeta yanga yosweka pamiyendo. Ndinawapeza ali ndi magalasi omangidwa ndi ulusi, akuwotcherera ya thirakitala. Nditapereka moni nkufotokoza, anaitenga, naigogoda ndi chala pa pulasitiki, naibweza.

"Iyi sindingaithandize, mwana wanga. Pulasitiki sagwira mtovu. Izi anazipanga kuti zikafa uzitaye. Yake yeniyeni ili kuti?"

"Inafa, amesitiri. Inatsekeka yonse."

"Sindinafunse ngati inafa. Ndafunsa kuti ili kuti."

Anandikhazika pa chigubu nkundiphunzitsa zimene ndikanafunsa mwezi umodzi m'mbuyomo. Radiyeta zakale anazipanga ndi mkuwa, wofiira pa timapepala, wachikasu pa mathanki, ndipo zonse anazilumikiza ndi mtovu wowotcherera, umene iwo amautcha estanho. Chimene chinalumikizidwa ndi moto chimamasukanso ndi moto. Thanki ya pamwamba imachoka, timapaipi timatsukidwa kamodzikamodzi, thanki nkubwerera. Ngakhale chisa chonse chitaola, pali makampani amene amapanga chisa chatsopano mukawapatsa miyeso, ndipo mmisiri amachimanga pa mathanki akale aja. Chosowa kwenikweni pa galimoto yakale ndi mathanki ndi chimango chake, pakuti ndi zimene zili ndi makosi ndi mabowo pamalo oyenera.

Ndinabwerera tsiku lomwelo ndipo mmawa ndinalawirira ku galaja ija. Mulu wa zitsulo panalibe. Anyamata ogula zitsulo zakutha anali atadutsa ndi sikelo yawo, ndipo mkuwa ndi umene amaukonda koposa chifukwa uli ndi mtengo. Radiyeta imene inawoloka malire kawiri inagulitsidwa pa kilo. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo langa ndinalidya ndili chiimire.

Tsono kusaka kunayamba. Poyamba ndinkaganiza kuti nkosavuta, pakuti 404 siinali galimoto yosowa. A Peugeot anayamba kuipanga ku France mu 1960, ya bokosi ngati yathuyi inatuluka mu 1967, ndipo inadzaza Africa yense chifukwa cha kulimba kwake. Inapambana mpikisano wa Safari wa kum'mawa kwa Africa kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Koma ku France yonyamula anthu anasiya kuipanga mu 1975, ndipo ku Kenya, kumene anapitiriza kuilumikiza, yomaliza inatuluka mu 1991. Anyamata amene amagulitsa m'masitolo a zipangizo lero ambiri anali asanabadwe. Ku Tete ndinalowa sitolo ndi sitolo. Wina anandifunsa ngati 404 ndi nambala ya chipangizo. Wina anafufuza pa kompyuta nkundiuza mwaulemu kuti galimoto yotere kulibe.

Mu Januwale ndinawoloka kupita ku Lilongwe, mu Febuluwale ku Blantyre, kumene ndinayenda m'matope a msika wa Ndirande tsiku lathunthu, kapepala ka miyeso m'thumba. Amesitiri anali atandilembera zoti ndiyeze: kutalika, kufupika ndi kunenepa kwa malo ake m'galimoto, mpata wotsala pakati pake ndi fani, mbali imene khosi la pamwamba ndi la pansi zimayang'ana, ndi kukula kwa kamwa la khosi lililonse. Kapepala kameneko kanandipulumutsa kawiri. Munthu wina anandilumbirira kuti ali ndi ya 404, ndipo atabwera nayo tepi inaonetsa kuti ndi ya 504, mng'ono wake, amene amafanana naye dzina koma osati thupi. Wina anali ndi ya 404 ndithu koma ya dizilo, pamene yathu ndi ya petulo, ndipo thanki yake inali itaphwanyika. Kulikonse yankho linali limodzi, kuti zinalipo zambiri koma anyamata a sikelo anatenga.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg anandipezera pa intaneti anthu a ku France amene amagulitsa zatsopano. Kumeneko 404 inasanduka galimoto ya ulemu. Eni ake amaisunga m'nyumba yakeyake, amaipukuta ndi kansalu, nkumaitulutsa Lamlungu kukaionetsa kwa anzawo. Ndinaseka nditaona zithunzi zake, poganiza za yathu ndi mazira pampando. Koma nditawerenga mtengo, kuwonjezapo wa ndege ndi wa kasitomu, kuseka kunatha. Inkafuna mbatata ya munda wonse.

Nthawi yonseyi mvula inali ikugwa. Simenti ija, ngakhale tinaiika pa matabwa, inakoka chinyezi nkuuma ngati miyala. Mwala wa dzina la agogo unatsamira khoma m'chipinda cha bambo, ataukuta ndi chitenje. Mbatata ya dzinja tinanyamulitsa kwa ena pa mtengo wawo. Usiku wina mu Malichi mnansi anagogoda kuti mkazi wake wayamba kudwala, ndipo bambo, kwa nthawi yoyamba m'zaka 20, anayankha kuti galimoto palibe. Anapita naye pa ngolo. Mayi ndi mwana ali bwino, koma bambo sanadye mmawa mwake. Anayambanso kutsokomola, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza amayi kuti ngati iwo atsogola, ana asaiwale chiliza.

Ndi amayi amene anandikumbutsa chinthu chimene chinali pamphuno panga. Anati iwe tsiku ndi tsiku umalengeza pa wailesi za mbuzi zosochera ndi za maliro a anthu ena, bwanji osalengeza zako. Ndinachita manyazi, koma mu Epulo ndinalipira chidziwitso monga amalipirira wina aliyense, ndipo ndinapempha mnzanga wa pantchito kuti awerenge ndi iye, kuti zisaoneke ngati ndikudyera pa mpando. Chidziwitso chinati aliyense amene ali ndi radiyeta ya Peugeot 404, yamoyo kapena yakufa, atidziwitse.

Mawu akuti yakufa ndi amene anagwira ntchito, ngakhale poyamba anabweretsa zina. Agogo ena anayenda wapansi kuchokera kufupi ndi Lifidzi atakulunga chinthu m'nsalu, ndipo atamasula inali wailesi yakale ya Nzeru imene anabwera nayo kuchokera ku Malawi. Iwo anamva kuti tikufuna radiyo yakufa. Tinawapatsa tiyi, ndipo mnzathu wa zamawaya anaikonza wailesiyo, moti anabwerera nayo ikulankhula. Wina anatiitanira radiyeta ya thirakitala, yaikulu ngati chitseko. Patapita masabata awiri kunabwera mnyamata wa sukulu pa njinga, wochokera m'mudzi wina kupitirira Dómuè. Anati sadziwa za magalimoto, koma pa khola la nkhunda la agogo ake pali chitsulo chonga chisa cha njuchi, ndipo anthu amati chinachokera pa Peugeot ya malemu agogo ake aamuna.

Ndinapitako Loweruka lotsatira pa njinga yamoto yobwereka, tepi m'thumba. Ndinayamba ndaonekera kwa anyakwawa, kenaka mnyamata uja ananditengera kwa agogo ake. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, anafunsa za kwathu ndi za mvula, ndipo anati mawu anga amawadziwa koma ankandiyesa munthu wamkulu thupi. Maso anga anali ali kukhola, koma mlendo sathamangira kuseri kwa nyumba ya eni. Patapita nthawi ndi pamene anandiuza mbiri yake. Mu 1987, pothawa, mafuta anali atasowa ndipo galimoto sikanayenda. Amuna awo anachotsa radiyeta, batire ndi mateyala kuti anthu a mfuti asaitenge, nabisa zonse m'dzenje la mbatata lofoleredwa bwino. Pobwerera mu 1993 anapeza galimoto itatenthedwa, yatsala chigoba. Mateyala anasanduka nsapato, batire linafa, ndipo radiyeta inakhala chitseko cha nkhunda, chifukwa imalowetsa mphepo koma likongwe sangadutse.

Ndinagwada pakhola nkuyeza. Miyeso yonse inagwirizana ndi kapepala. Ndinayezanso kachiwiri, manja akunjenjemera.

"Agogo, mundiuze mtengo wake."

"Mtengo wa chiyani, mwanawe? Ine sindigulitsa za malemu. Koma nkhunda zanga zigona bwanji usiku uno?"

Ndinabwerera ku Ulongwe wopanda kanthu, ndinakhomeretsa chitseko cha matabwa ndi waya wa sefa kwa kalipentala, ndipo Loweruka linalo ndinapita nacho pamodzi ndi bambo, chitenje, shuga ndi mchere. Bambo ndi agogo aja anakhala pamphasa mpaka dzuwa kupendeka, akutchulirana midzi ya ku Dedza ndi Ntcheu kumene anakhala, ndi anthu amene anatsala kumeneko. Ndalama imene bambo anaika pansi pa mbale potsazika, agogo anaiona koma sananene kanthu.

Ntchito ya amesitiri inatenga masiku anayi, ndipo awiri mwa iwo ndinakhala nawo, nditapempha tchuthi. Anayamba ndi kuitsuka ndowe za nkhunda za zaka 30. Kenaka anatseka makosi onse ndi zidutswa za chubu, nasiya kamodzi kolowetsera mpweya, naimiza m'bafa la madzi, nkupopa pang'onopang'ono ndi mpope wa njinga. Anati osapopa ngati teyala, pakuti radiyeta yakale siifuna mphamvu. Thovu linatuluka malo atatu: pa msoko wa thanki ya pansi, ndi pa ngodya ina pamene panalowa msomali wa khola. Anaika chizindikiro ndi choko. Atatero anayatsa moto wawo wa gasi nkuuyendetsa m'mbali mwa thanki ya pamwamba, mtovu wakale ukudontha ngati misozi, mpaka thanki inanyamuka. Mkati munali dzimbiri ndi chikokoto, koma chochepa kuyerekeza ndi chimene yathu iyenera kuti inali nacho, chifukwa iyi inapuma zaka zambiri ili youma.

Chimene sindidzaiwala ndi kutsuka timapaipi. Anali ndi kachitsulo kopyapyala kosalala, kamene anasula kuchokera ku kachitsulo koyezera oyilo, ndipo ankakalowetsa m'kapaipi kalikonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, mofatsa, akumvetsera ndi zala. Pamene kakana sankakakamiza. Ankabweza, kuthira madzi, nkuyesanso. Ine nditapempha kuti ndiyese, pa kapaipi kachitatu ndinakankha mwamphamvu ndipo ndinakaboola. Sanakwiye. Anangoti tsopano tili ndi zisanu m'malo mwa zinayi. Timapaipi tisanu timeneti anatitseka ndi mtovu pamwamba ndi pansi kuti madzi asadutsemo. Anati kutaya tochepa chotere palibe kanthu, koma tikachuluka kufika kamodzi pa khumi kalikonse, radiyeta imayamba kulephera pa chitunda, ndipo pamenepo ndi pofunika chisa chatsopano.

Ndinawafunsa amene adzatenge ntchitoyi iwo akadzatopa. Anati anaphunzitsa anyamata atatu, ndipo onse anapita kukagwira ku migodi ya malasha. Sanawadandaule. Anati galimoto za lero zonse ndi za aluminiyamu ndi pulasitiki, ndipo mnyamata sangadyetse banja podikira mathirakitala ndi nkhalamba za 404. Ine sindinawatsutse, ngakhale mumtima ndinawerenga mathirakitala, zigayo ndi malole akale amene ali m'maboma athu a kumalire, ndipo ndinaona kuti onsewo akudalira maso awiri a magalasi omangidwa ndi ulusi.

Atabwezera thanki anaimizanso m'bafa. Thovu silinatuluke. Anaipaka utoto wakuda wopyapyala, nanena kuti wokhuthala umasunga kutentha. Pondipatsa anandilangiza zinthu zingapo, ndipo ndikuzipereka kwa inu monga anandipatsira. Musanaiike, tsukani injini mkati mpaka madzi atuluke oyera, apo ayi dzimbiri lakale lidzatseka yatsopanoyi mwezi umodzi. Muzithira madzi a mvula osefa, osati a pachitsime, ndipo muzisakaniza ndi mankhwala a mtundu aja amagulitsa pa bomba. Ambiri amati mankhwalawo ndi a kumaiko ozizira kumene madzi amaundana, koma alinso ndi mphamvu yoletsa dzimbiri, ndipo injini imene ili ndi chitsulo, aluminiyamu ndi mkuwa pamodzi imawafuna kwambiri. Musaike chivindikiro cha galimoto ya masiku ano, chifukwa chimasunga mpweya wamphamvu umene ungang'ambe misoko yakale. Ndipo mazira, anatero, muzidya.

Tinaiika mu Juni. Mabawuti onse analowa m'mabowo awo ndi zala zokha, popanda waya kapena nyundo. Mu Julayi bambo anatsikira nayo ku Moatize kuti amesitiri aione ili pamalo pake, ndipo tinapitirira ku Tete kukagulanso simenti. Pobwerera, pa chitunda chomwe chija cha Mussacama, tonse awiri tinasiya kulankhula, maso pa singano. Inakwera pang'ono kupyola pakati, inaima, ndipo titafika pamwamba inabwerera. Bambo anasintha giya, ija ya pachiwongolero, nayamba kuimba mluzu.

Chiliza tinakamanga mu Seputembala 2023. Tinanyamuka mbandakucha, bambo, amayi, azakhali ndi ine, simenti ndi mwala kumbuyo, pamodzi ndi mbuzi ndi ufa zokapereka kwa mfumu ya mudzi uja. Pa malire a Calomué mapepala anatitengera ola lathunthu, ndipo msilikali wina wachinyamata anaizungulira galimoto kawiri nkufunsa ngati ikafikadi. Kumudzi kuja mfumu imene inatilandira inamwalira kalekale, koma nkhalamba ina itangoona galimoto ikukhota pa mtengo wa kachere inaimirira nkutchula dzina la agogo aamuna, ife tisanatsike nkomwe. Ndi iyo inatitsogolera kumanda, pakuti mitengo inali itakula ndipo bambo anasokonezeka. Amisiri anagwira ntchito masiku awiri. Pa tsiku lachitatu, mapemphero atatha, bambo anatsalira okha kumanda kwa kanthawi, ndipo ife tinawadikira m'galimoto.

Ponyamuka kwathu ndinali nditabisa chigubu cha malita 20 cha madzi a mvula pansi pa matumba, osawauza bambo. Tinabwera nacho chodzaza, ndipo amayi anathirira mpiru wawo kudimba.